Kaimbidwe koona ka riff ya "Smoke on the Water": nsambo ziwiri, zala ziwiri

Aliyense amene wagwirapo gitala kwa milungu iwiri amati nyimbo iyi amaidziwa. Mukam'patsa gitala, chala chimathamangira pa nsambo yaikulu ija ya pamwamba: 0, 3, 5, kenaka 0, 3, 6, 5. Manambalawo ndi mafreti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, ndipo kachidutswa kobwerezabwereza kameneka ndiko kamatchedwa riff. Anzake n'kumagwedeza mitu. Koma tayatsani nyimbo yeniyeniyo ya gulu la rock la Deep Purple kuti aimbire limodzi, muona nkhope ikusintha. Mawu sakugwirizana, iye ali patsogolo nyimbo ili m'mbuyo, ndipo kulemera kumene kumamveka pa chimbale kulibiretu.

Ine ndinaimba molakwa chonchi zaka zitatu, ndikudzimva katswiri. Anandiwongola ndi bambo ena achikulire amene ankaimba besi m'kachipinda kathu koyesereramo nyimbo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mphwanga, imeneyo ndi nyimbo ina. Tabweretsa kuno." Analanda piki yanga, kapulasitiki kokwapulira nsambo, n'kuiika pa zenera, n'kutsina nsambo ziwiri zapakati ndi zala. Kagitala komweko, kaamplifaya komweko, koma chipinda chinadzaza. Zimene anandionetsa tsiku limenelo ndi zimene ndalemba pano.

Zofunika kukhala nazo

- Gitala ya nsambo 6. Yamagetsi ndiye mwini nyimbo, koma ya bokosi ikukwanira kuphunzirira.
- Chochunira gitala. Mapulogalamu aulere a pa foni amagwira bwino ntchito.
- Metronome, chida chogunda mosasintha posunga liwiro la nyimbo, yomwenso mungaipeze pa foni.
- Amplifaya yaing'ono, ngati gitala ndi yamagetsi.
- Nyimboyo monga ilili pa chimbale cha Machine Head cha 1972. Zojambulidwa ku madansi zisiyeni kaye, chifukwa kumeneko oimbawo amasewera nayo riffyo mmene afunira.
- Chowengera zikhadabo. Za kudzanja logwira mafreti zikhale zazifupi.
- Mphindi 20 pa tsiku kwa mlungu umodzi kapena iwiri.

Piki isiyeni m'thumba. Muifuna tikafika pa vesi.

1. Mverani kaye, gitala ili pakhoma

Imvereni katatu musanakhudze nsambo. Ulendo woyamba tsatirani gitala yokha. Wachiwiri mverani mmene zida zina zikulowera chimodzichimodzi. Wachitatu tsatirani mawu, chifukwa nyimboyi ndi nkhani yoona, ndipo mukaidziwa nkhaniyo mudziwanso liwiro lake.

Mu Disembala 1971 anyamata asanu a Deep Purple a ku Britain, Ritchie Blackmore wa gitala, Ian Gillan woimba, Jon Lord wa limba, Roger Glover wa besi ndi Ian Paice wa madiramu, anapita ku Montreux m'dziko la Switzerland kukajambula chimbale. Anabwereka situdiyo yoyenda ya gulu la Rolling Stones, yomwe inali m'galimoto yaikulu, ndipo ankafuna kujambulira mu holo ya Montreux Casino. Pa 4 Disembala, m'holomo munkaimba Frank Zappa ndi gulu lake la Mothers of Invention. Munthu wina mwa oonerera anaombera kudenga mfuti ija yotulutsa moto wowala wopempherera thandizo, denga n'kugwira. Nyumba yonse inapsa pamodzi ndi zida za Zappa. Claude Nobs, amene anayambitsa Montreux Jazz Festival, ankalowa ndi kutuluka kupulumutsa achinyamata. A Deep Purple anangokhala n'kumaonerera utsi ukuyala pamwamba pa nyanja ya Geneva, ndipo mutu wa nyimbo unam'bwerera Glover patapita masiku ochepa.

Vesi loyamba likunena za kufika kwawo ndi motowo, lachiwiri za kupsa kwa nyumba ndi kusowa kwa malo, lachitatu za komwe anakathera. Palibe mafanizo, palibe zachikondi. Ndi munthu akufotokoza zimene anaona ndi maso ake, ndipo wofotokoza za ngozi sathamanga. Riff nayonso imayenda ngati munthu wosenza thumba la chimanga.

Chenjezo: musamvere pa sipika ya foni yokha. Besi siimveka, ndiye mudzaganiza kuti kulemera konse kukuchokera ku gitala n'kuyamba kuipanikiza pachabe.

2. Chunani gitala

Machunidwe ake ndi a masiku onse: E, A, D, G, B, E. Tiziwerenga nsambo kuchokera pa yopyapyala ya pansi, yomwe ndi yoyamba, kukwera mpaka yaikulu, yachisanu ndi chimodzi. Riff yonse ili pa nsambo yachinayi, D, ndi yachitatu, G.

Ziwirizi zichuneni mosamala kuposa zinzake. Poti muziziliza pamodzi, imodzi ikangotsika pang'ono mudzamva mawu akugwedera ngati akukangana. Nsambo ya G ndiyo yovuta pa magitala otchipa. Ichuneni, imbani mphindi zisanu, muichunenso.

3. Pezani malo anayi

Ndi anayi okha, ndipo pa malo aliwonse nsambo zonse ziwiri zimagwidwa pa freti imodzi:

- 0: nsambo zonse ziwiri zosagwira
- 3: zonse pa freti 3
- 5: zonse pa freti 5
- 6: zonse pa freti 6

Pa 3 gonekani chala chamkombaphala kuti chipsinje nsambo ziwirizo nthawi imodzi. Pa 5 gonekani chala chachitatu, chovala mphete chija. Pa 6 mutha kutsetsereka ndi chala chomwecho kapena kugwiritsa chaching'ono. Ine ndimatsetsereka, chifukwa chaching'ono changa n'chaulesi.

Dongosolo lake ndi ili: 0, 3, 5, kenaka 0, 3, 6, 5, kenaka 0, 3, 5, pomaliza 3, 0.

Manambalawa ndi omwe aja a pa nsambo yaikulu, n'chifukwa chake anthu amapusitsika. Kusiyana kwake n'kwakuti pa nsambo yaikulu mukuimba mu E, pamene nyimboyo ili mu G minor, mafreti atatu kumtunda. Komanso mawu awiriwa aikidwa mozondoka: pa nsambo ya G ndi pamene pali nyimbo, ndipo mnzake wa pa D ali pansi pake. Mu power chord wamba, kagwiridwe ka nsambo ziwiri kapena zitatu kofala mu rock, mnzakeyo amakhala pamwamba. Kuzondokako ndi kumene kumapereka mawu ouma, amdima, omwe munthu amawazindikira asanamve ndi mawu achitatu omwe.

Chenjezo: chala chigone pafupi ndi kachitsulo ka freti, osati pamwamba pake kapena kutali m'mbuyo. Mukamva nsambo imodzi ikulira inzake ili gwa, ndiye kuti chala chapendekeka. Lizani imodziimodzi muone yomwe yafa.

4. Tsinani, musakwapule

Blackmore mwini wake wakhala akufotokoza kuti riff imeneyi amaiimba ndi zala. Chala chachikulu cha dzanja loimbira chikhale pa nsambo ya D, chamkombaphala chilowe pansi pa nsambo ya G. Tsinani, ngati mukutola nyerere pa malaya, n'kusiya nsambo zonse ziwiri zilire nthawi imodzi.

Piki ikamadutsa imagunda nsambo imodzi kenaka inayo. Mpata wake ndi wochepa kwambiri, koma khutu limaumva: mawu amatuluka "thrang" m'malo mwa "dang". Zala ziwiri zimatulutsa mawu onse limodzi, ndipo mukakoka nsambo pang'ono kuchoka pa thabwa imabwerera ndi kaphokoso kokhala ngati kuthyoka kwa kamtengo. Kameneko ndiko mukufuna.

Amene munaonapo agogo oimba gitala ya bokosi pakhonde, chala chachikulu chikuyendetsa besi chamkombaphala chikutola nyimbo, dzanja limeneli simulipeza lachilendo. Kusiyana n'kwakuti pano zala ziwirizo zimayenda limodzi, osati mosinthana.

Yambani ndi 0 yekha. Tsinani kakhumi, mukumvetsera ngati nsambo ziwirizo zikumveka mofanana mphamvu. Kawirikawiri chala chachikulu chimapondereza chinzake. Chichepetseni mphamvu, chifukwa nyimbo ili pa nsambo ya G.

5. Phunzirani kuzimitsa mawu

Mverani chiyambi cha nyimbo kachiwirinso. Pakati pa 0 ndi 3 pali zii. Pakati pa 3 ndi 5 palinso zii. Kukhala chete kumeneko ndi mbali ya riff, ndipo ndi kumene ambiri sakuimba.

Pa 3, 5 ndi 6 kuzimitsa n'kosavuta: masulani chala cha kumanzere osachichotsa pa nsambo. Chikhudzebe, koma chisapsinje. Mawu amafa pomwepo. Mukachichotseratu, nsambo zosagwira zija zilira, n'kukhala ngati mwawonjezera 0 wina amene kulibe.

Pa 0 palibe chala chomasula, ndiye bwezerani zala zotsinira pa nsambo mukangoziliza, kapena gonekani zala za kumanzere mopepuka pa nsambo zonse.

Pali njira ina yopewera vuto la 0. Mawu omwewo, D ndi G, alinso pa freti 5 ya nsambo yachisanu ndi yachinayi. Mukawagwira pamenepo, malo onse anayi amakhala ogwira ndi chala, ndipo kuzimitsa kumakhala kwa mtundu umodzi. Mawu ake ndi onenepanso pang'ono. Mtengo wake ndi woti dzanja loimbira liyenera kumasamuka nsambo. Yambani ndi 0 wosagwira. Pakatha mlungu yesani njira iyi, musankhe nokha. Ine ndinasamukira kumeneku ndipo sindinabwererenso.

6. Werengani

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye musafulumire kupitirira.

Ikani metronome pa 70. Phazi lizigunda pansi pa kulira kulikonse. Werengani mokweza: "1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi". Pa nambala phazi lili pansi, pa "ndi" lili m'mwamba. Kuwerenga kamodzi mpaka 4 tikutcha chigawo chimodzi, ndipo riff ili ndi zigawo zinayi.

Chigawo choyamba: 0 pa 1, 3 pa 2, 5 pa 3. Awiri oyambawo ndi aafupi, zimitsani msanga. Wa 5 musiyeni alire kudutsa 4. Kenaka 0 akubwera pa "ndi" wa pambuyo pa 4, phazi lili m'mwamba.

Chigawo chachiwiri: pa 1 palibe kanthu. Phazi ligunde lokha. 3 akubwera pa "ndi" wotsatira. Pa 2 palibenso kanthu. 6 akubwera pa "ndi" wa pambuyo pa 2, ndipo 5 akutera pa 3 ndendende n'kukhala.

Chigawo chachitatu chikuyamba ngati choyamba: 0 pa 1, 3 pa 2, 5 pa 3. Koma pa "ndi" wa pambuyo pa 4 mukubwerera pa 3.

Chigawo chachinayi: pa 1 chete, 0 pa "ndi" wotsatira, n'kumusiya alire. Malizani kuwerenga mpaka 4 musanayambirenso.

Mukaona bwino, mawu asanu mwa khumi ndi awiri a riffyi amagwa phazi lili m'mwamba. Thupi silifuna zimenezo. Limafuna kuti dzanja ndi phazi zitsikire limodzi, ndiye popanda kudziwa mumakankhira 0 wachiwiri uja pa 1 wa chigawo chotsatira. Mukatero riff imasanduka nyimbo yogubira ana a sukulu. Kapenanso phazi limasiya metronome n'kuyamba kutsata dzanja, zomwe n'zoipa kwambiri chifukwa simudziwa kuti mwasochera.

Mankhwala ake ndi awa. Ikani gitala pansi. Phazi ligunde, pakamwa muwerenge, ndipo muombe m'manja pa malo pamene pali mawu. Chitani zimenezi mpaka muthe kuzungulira kanayi osaphonya. Kenaka tengani gitala, muimbe zigawo ziwiri zoyamba zokha, mobwerezabwereza. Polumikizira chigawo choyamba ndi chachiwiri ndi pamene pali dzenje. Mukapadutsa bwino, zotsalazo zimabwera zokha.

Mukakhoza kakhumi motsatizana, kwezani metronome ndi 5. Pa chimbale liwiro lake lili pamwamba pang'ono pa 110. Musalumphire kumeneko tsiku loyamba. Dzijambuleni pa foni n'kumvetsera. Khutu limanama dzanja likamagwira ntchito, koma foni siinama.

Chenjezo: chigawo chachinayi ndi chachitali ndipo chilibe zochita. Ambiri amachidula n'kuyambiranso msanga. Mukakhala nokha simuzindikira, koma wa madiramu akuyang'anani ndi diso lofiira.

7. Amplifaya

Chepetsani gain, kabatani kamene kamakhakhalitsa mawu. Ikani pang'ono chabe, poti mukatsina mwamphamvu mawu akhakhale koma mukatsina mofatsa ayere. Blackmore ankaimba Fender Stratocaster, gitala ya mawu owala, ndipo pa chimbalecho gitala yake ndi yoyera kuposa mmene anthu amakumbukirira. Phokoso lokhakhala lija mbali yaikulu ndi limba la Hammond la Jon Lord, lomwe ankalilumikiza ku amplifaya ya Marshall n'kumaimba riff yomweyo pamodzi ndi gitala. Gain ikachuluka, zii uja wa pa sitepe 5 amadzaza ndi kulira kwa amplifaya, ntchito yonse n'kupita m'madzi. Reverb ndi delay, zija zochititsa mawu kumveka ngati m'phanga, zimitsani.

8. Vesi ndi kolasi

Tsopano mutha kutulutsa piki ija, kapena kupitiriza ndi zala ngati zazolowera.

Pa vesi gitala imadzichepetsa. Gwirani G motere: nsambo yachisanu ndi chimodzi pa freti 3, yachisanu pa 5, yachinayi pa 5. Musakwapule zonse pamodzi. Lizani imodziimodzi mofatsa, chikhatho chikukhudza nsambo pang'ono. Khalani pa G zigawo ziwiri ndi theka, tsikirani pa F theka la chigawo pogwira chimodzimodzi mafreti awiri kumbuyo, n'kubwerera pa G. Muzizungulira choncho mpaka vesi lithe.

Pa kolasi ndi pamene mumatsegula dzanja. C chigawo chimodzi: nsambo yachisanu pa 3, yachinayi pa 5. A flat chigawo chimodzi: yachisanu ndi chimodzi pa 4, yachisanu pa 6. G zigawo ziwiri. Kenaka C ndi A flat kachiwiri, n'kugwera mu riff.

Solo, pamene gitala imatenga malo a woimba pakati pa nyimbo, isiyeni kaye. Ndi ntchito ya mwezi wina.

9. Kuimba ndi anzanu

Gitala imayamba yokha. Kenaka hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo ta pa madiramu, ndi limba zimalowa, madiramu ena n'kutsatira, besi pambuyo, woimba pomalizira. Dongosolo limeneli musalisokoneze, chifukwa mphamvu ya chiyambi ili pa kuunjikana kwa zida pang'onopang'ono. Wa besi akalowa sabwereza riff yonse. Amagunda G mosalekeza, kawiri pa kugunda kulikonse kwa phazi, ndipo pamwamba pa maziko amenewo ndi pamene mawu aja a "ndi" amaonekera bwino. Wa kiyibodi asankhe mawu a limba, aimbe mawu awiri omwewo amene gitala ikuimba, asawonjezere lachitatu.

Ngati mukudandaula kuti malo anu oyeserera ndi osalongosoka, dziwani mmene eni ake anajambulira. Kasino itapsa, Nobs anawapezera holo ina yotchedwa Pavilion, ndipo maziko a nyimbo iyi anajambulidwa kumeneko usiku, anthu oyandikana nawo atadandaula za phokoso, apolisi akugogoda pa chitseko, anyamata onyamula zida atachitchinga kuti nyimbo ithe kaye. Atathamangitsidwa anakathera ku Grand Hotel, yomwe inali yopanda alendo m'nyengo yozizira, n'kumajambulira m'kolido atatchinga ndi matiresi. Nyimboyo sankaiwerengeranso kwenikweni. Chimbale chinatuluka mu Malichi 1972, koma nyimboyi inadzatulutsidwa payokha ku America mu 1973, n'kufika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard. Chaka chomwecho Gillan ndi Glover anachoka m'gululo.

M'zaka zomwezo anyamata a ku Zambia, magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, ankamvera rock yolemera yotereyi n'kupanga yawoyawo yotchedwa Zamrock. Mukamaliza riff iyi kawamvereni, mumva achibale ake.

Mukakhazikika pa ya chimbale, pezani yomwe ili pa Made in Japan, yojambulidwa ku madansi a ku Japan mu Ogasiti 1972, mumve mmene Blackmore amaiseweretsera poyamba. Koma kumeneko n'komvera, osati kophunzirira.

Zolakwa zimene zimabwerabwera

*Kuimba pa nsambo imodzi.* Kwa mwana amene wangoyamba dzulo palibe mlandu. Koma ngati mukufuna kuimba ndi chimbale kapena ndi bandi, bwererani pa sitepe 3.

*Kugwiritsa power chord wamba.* Ena amadziwa kuti nyimbo ili mu G, ndiye amagwira G, B flat ndi C pa nsambo zazikulu n'kumakwapula. Kiyi ndi yolondola, koma mawu amatuluka amatope, ndipo dzanja limayenda mtunda wautali pachabe.

*Kusiya mawu onse akulira.* Mukajambula n'kumva riff ikuyenda ngati phala lothiridwa, osaduka paliponse, vuto ndi kuzimitsa.

*Kupinda nsambo osadziwa.* Chala chogonekedwa chikapsinja kwambiri chimakankhira nsambo m'mbali, mawu n'kukwera pang'ono. Pa 5 ndi 6 ndi pamene zimachitika kawirikawiri. Mukachuna bwino koma mawu akumvekabe okangana, yang'anani ngati nsambo zili mowongoka pansi pa chala. Psinjani mongokwanira.

*Kuchedwa pa 6.* Mawu amenewa ndi ongodutsa, theka la kugunda kwa phazi basi. Ambiri amawakonda n'kukhalapo, ndiye 5 amafika mochedwa.

*Kuthamanga.* Ulendo woyamba mumayamba bwino, wachitatu mwapitirira liwiro, pofika wachisanu wa madiramu akukuthamangirani. Zimachitika kwambiri pamaso pa anthu, mtima ukamagunda. Musanayambe, imbani kolasi chamumtima kuti mupeze liwiro, muwerenge zigawo ziwiri ndi phazi, ndiye mutsine.

*Matuza.* Chala chamkombaphala chotsinira chimatupa masiku oyamba, makamaka pa gitala ya bokosi ya nsambo zolimba. Chikayamba kuwawa lekani, mupitirize mawa. Mukachikakamiza n'kuphulika, mukhala mlungu wathunthu osagwira gitala, ndipo pobwerera dzanja lidzafunanso piki ija.